Kalata kwa a Registrar General: kalata ya umbeta isavute kwa Amalawi a ku Joni

Olemekezeka,

Mmalawi akafuna kumanga ukwati ku South Africa, mlembi wa ku Home Affairs safunsa za ankhoswe. Amatambasula dzanja kufuna pasipoti yomwe sinathe ntchito, ziphaso za mboni ziwiri, fomu ya BI-31 imene munthu amalumbirapo kuti palibe choletsa ukwatiwo, ndi kalata ya boma la kwawo yotsimikiza kuti mlendoyo ndi mbeta. Amene banja linatha amaonjezerapo chigamulo cha khoti, ndipo wamasiye amaonetsa setifiketi ya imfa ya mnzake. Zambiri mwa izi zimatheka konko. Koma kalata ya umbeta, imene eni dziko amaitcha Letter of No Impediment, gwero lake ndi kuno kumudzi, ndipo nkhani yake ndiyo yafika pa tebulo lanu lero.

Boma la South Africa silikulakwa kukhwimitsa zinthu. Kwa zaka zambiri amayi a m'dzikomo akhala akudzidzimuka atapeza kuti m'makompyuta a boma ndi okwatiwa ndi amuna akunja amene sanawaonepo. Chimakopa akathyali nchakuti mlendo amene wakhala m'banja ndi nzika kwa zaka 5 angathe kupempha chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Nchifukwa chake mlendo wofuna kukwatira nzika amayamba wakhala pamaso pa ofisala woona za olowa ndi otuluka, iye ndi bwenzi lakelo, kuyankha mafunso osonyeza ngati chikondicho nchenicheni.

Tsono taganizirani za telala wa ku Mangochi amene amasoka zovala ku Mayfair mumzinda wa Johannesburg. Pasipoti ya Malawi imamulowetsa popanda viza, koma kwa masiku 30 okha. Chiyambire May 2014, wopitiriza masiku ake amaletsedwa kulowanso m'dzikomo: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, zaka 5 ngati wapyola kuposa apo. Kuti akatenge yekha kalata, telalayo ayenera kutseka makina, kukwera basi yodzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, kugona panjira, kenako nkuyamba kufunsa khomo loyenera ku Blantyre. Nthawi yonseyi malipiro aima, lendi ikudikira. Ambiri amangotumiza chithunzi cha chiphaso pa WhatsApp kwa mlongo wawo, mlongoyo nkugwa m'manja mwa madobadoba amene amatchula mtengo wa m'mutu mwawo. Pepala lochokera kwa anthu otere likakanidwa pa kauntala ya Home Affairs, amene amaoneka wabodza ndi telala, ndipo Mmalawi wotsatira pamzere amayang'anidwa ndi diso lomwelo.

Ena amagwa ulesi, nkungopereka lobola ndi kulowana. Lamulo la ku South Africa la 1998 limavomereza ukwati wachikhalidwe, ndipo limati ulembetsedwe pasanathe miyezi 3, ngakhale kusalembetsa sikuuthetsa. Zimenezi zimayenda bwino onse ali moyo. Tsiku limene bambo wagwa pa chikwerero cha nyumba imene amamanga, mayi wosiyidwayo amayenera kutsimikizira banki, kampani ya inshulansi ndi abale a malemu kuti analidi mkazi wa panyumba, m'manja alibe kanthu, maliro akudikira galimoto yopita ku Mzimba.

Palinso mayi wina amene kalatayi imamukhudza kwambiri, ngakhale sanapondepo ku Joni. Ndi uja anatsala ku Namwera ndi ana, akudikira ndalama za feteleza. Lamulo la maukwati la ku Malawi la 2015 linachita bwino kuvomereza ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi ndi kumzikiti, wa chinkhoswe, ngakhalenso wa anthu amene akhala limodzi nthawi yaitali mudzi wonse ukudziwa. Linapatsanso mafumu akuluakulu ndi atsogoleri a zipembedzo udindo wolemba maukwati. Koma ukwati umene dzina lake lili m'kaundula wa pa parishi kapena m'buku la kwa mfumu yayikulu, wosindikiza kalata ya umbeta mumzinda auona bwanji? Ngati sauona, mwamuna wa mayi uja angathe kulumbira kuti ndi mbeta, chidindo cha boma la Malawi nkugwa papepala, iye nkukakwatira wina mwalamulo ku Durban. Apa boma limakhala lathandiza kubisa mkazi woyamba, ndipo ichi nchopweteka kuposa mizere ndi maulendo onse aja.

Zipangizo zokonzera zilipo kale. M'chaka cha 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba Amalawi oposa 9 miliyoni, aliyense ndi nambala yake ya chiphaso cha unzika. Ukwati uliwonse wolembedwa kwa mfumu, kwa abusa, kwa shehe kapena kwa DC utamangirizidwa ku nambala imeneyo, funso loti munthu ali pabanja kapena ayi lingayankhidwe pa kompyuta, wofunsayo ali chiimire. Komanso Malawi analowa m'pangano la ku The Hague lotsimikizira zikalata ndi chidindo cha apostille mu 1967, ndipo South Africa inalowa mu 1995. Pepala lodindidwa bwino kuno siliyenera kuzunguliranso maofesi ena kumeneko.

Pempho nali, Olemekezeka. Ndondomeko yopezera kalatayi, mtengo wake weniweni ndi masiku oidikira zilembedwe poyera m'Chichewa, Chiyao ndi Chitumbuka, zimatidwe pa chipata cha Mwanza ndi cha Dedza, ziulutsidwenso pa wailesi. Ofesi yanu igwirizane ndi ofesi za kazembe wa Malawi ku Pretoria ndi ku Johannesburg kuti munthu azipempha konko, kusonyeza chiphaso chake cha unzika, kulipira ndalama yolandirira lisiti la boma, yankho nkumupeza komwe ali. Ndipo kalatayo isanasainidwe, mfumu yayikulu ya kwawo kwa wopemphayo izifunsidwa ngati m'buku lake mulibe ukwati wa dzina limenelo.

Mlembi wa nkhani za mabanja