Musasamuke banki chifukwa cha app, samukani chifukwa cha masamu

Mabanki a m'dziko muno adasiya kalekale kupikisana pa kukongola kwa nyumba zawo. Mpikisano tsopano uli pafoni. Pawailesi, pa Facebook ngakhale pazikwangwani za m'misewu, uthenga ndi umodzimodzi: bwerani kwa ife, zonse muzipangira m'manja, za pamzere iwalani. Nchifukwa chake achinyamata ambiri akufunsana kuti, kodi nditseke akaunti yanga ndipite kubanki yomwe anthu akuitama kuti app yake ndi yothamanga?

Yankho langa ndi ili: kulipira pafoni ndi chifukwa chokwanira chosinthira banki, koma pokhapokha mutawerengera n'kupeza kuti kumene mukupitako muzidulidwa zochepa komanso muzithandizidwa msanga ndalama zikasowa m'njira. Ngati chomwe chakukopani ndi maonekedwe a app basi, khalani kaye pomwe mulipo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi mfundo yomwe otsatsa malonda sakonda kuitchula. Kuno ku Malawi, kulipira pafoni sikudayambe ndi mabanki ndipo mpaka lero si mabanki okha omwe akukuyendetsa. Airtel Money idayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, kutsatira njira yomwe M-Pesa idalambula ku Kenya mu 2007. Wakabaza, mayi wogulitsa tomato pamsika wa Ndirande, mnyamata wometa ku Kawale, onsewa mukawafunsa za kulipira pafoni amakupatsani nambala ya Airtel Money kapena Mpamba, osati nambala ya akaunti yakubanki. Choncho kwa ambiri a ife banki ili ngati nkhokwe, pomwe Airtel Money ndi Mpamba ndi lichero lotapira chimanga cha tsiku limenelo. Funso lenileni si lakuti nkhokwe yokongola ndi iti, koma lakuti potapa kuchoka m'nkhokwe kupita m'lichero, chimanga chotayikira pansi n'chochuluka bwanji.

Chinanso n'chakuti mabanki akuluakulu onse ali kale pafoni. National Bank ili ndi *626#, Standard Bank *247#, NBS Bank *322#, FDH Bank *525#. Kuchokera pomwe National Switch idayamba kugwira ntchito mu 2015, khadi ya banki imodzi imatapa ndalama pa ATM ya banki ina, ndipo masiku ano kutumiza ndalama kuchoka kubanki kupita ku Airtel Money kaya Mpamba ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Kugula mayunitsi a ESCOM, kulipira madzi, DStv kapena GOtv, zonsezi zimatheka ndi pafupifupi banki iliyonse. Ndiye munthu akakuuzani kuti samukira kwathu chifukwa kuno timagula magetsi pafoni, mufunseni kuti nanga kwinaku sagula? Kusiyana kulipo ndithu, koma kudabisala m'malo atatu: mtengo, kudalirika ndi chithandizo.

Tiyambe ndi mtengo. Ndalama ya wachinyamata wolandira malipiro kubanki nthawi zambiri imadutsa zipata zitatu isanafike komwe ikupita. Chipata choyamba ndi kuichotsa kubanki kupita mufoni. Chachiwiri ndi kuitumiza kwa munthu wina, ndipo mtengo umakwera ngati iyeyo ali pa netiweki ina. Chachitatu ndi kukatapa kwa ejenti, komwe kumabadwira mawu aja tonse timawadziwa akuti "uwonjezere yotapira". Pachipata chilichonse pamatsala kenakake. Pamwamba pa izi pali ndalama yomwe mabanki ena amadula mwezi uliwonse posunga akaunti, ya mauthenga a SMS, yofunsira balansi, ndi yotapira pa ATM ya banki ina.

Tingoyerekeza, manambalawa ndi ongopangira chitsanzo. Banki yanu ikamadula K600 nthawi iliyonse mukakankhira ndalama kufoni, inu n'kumatero kakhumi pamwezi, ndiye kuti K6,000 yapita, pachaka K72,000. Banki ina ikamadula K300 pantchito yomweyo, mwapulumutsa K36,000 pachaka. Koma ngati banki yachiwiriyo imadulanso K4,000 mwezi uliwonse posunga akaunti pomwe yoyambayo siidula, pachaka ndi K48,000, ndiye kuti mwasamuka kuti muziluza K12,000. Mwaona? Chinthu chimodzi chotchipa sichipangitsa banki yonse kukhala yotchipa.

Nchifukwa chake ndikuti musanapange chiganizo, tengani sitetimenti ya miyezi itatu, mulembe pambali ndalama iliyonse yomwe banki idadula, muphatikize. Kenako pezani mndandanda wa mitengo wa banki yomwe ikukukopaniyo, womwe umapezeka m'nthambi zawo ndi pamasamba awo apaintaneti, muwerengere kuti zomwezo zikadakudyerani zingati kumeneko. Ntchito imeneyi siitenga ola limodzi. Ambiri timathera nthawi yoposa pamenepo pa TikTok tisanadzuke n'komwe.

Chachiwiri ndi kudalirika. App iliyonse imathamanga pa 12 mwezi uli pakati, anthu ambiri atauma m'thumba. Mayeso enieni amabwera kumapeto kwa mwezi, malipiro atalowa, aliyense akufuna kulipira lendi nthawi imodzi. Nthawi imeneyo ndi pomwe mumaona kauthenga kakuti yesaninso nthawi ina, inu muli pa tilu m'shopu katundu ali m'manja, anthu kumbuyo kwanu akung'ung'udza. Zikwangwani sizingakuuzeni zimenezi. Funsani anthu asanu omwe akhala ndi bankiyo kwa chaka, osati amene watsegula akaunti sabata yatha. Awerengeninso makomenti patsamba la Facebook la bankiyo masiku olandira malipiro. Safunsa adadya phula.

Pankhani yomweyi, musaiwale kuyesa njira ya nyenyezi ija, yomwe siifuna bandulo. App imafuna intaneti, imafuna foni yokhala ndi malo, imafunanso netiweki yamphamvu. Tsiku lomwe muli kumudzi ku Ntchisi kapena ku Chitipa pamaliro, netiweki ikubwera ndi kupita, bandulo yatha, chomwe chidzakupulumutseni ndi kakodi kaja kogwira ngakhale pakafoni kamabatani. Banki yomwe app yake ndi yonyezimira koma kodi yake imangodukaduka, kwa ine ndi banki ya m'tauni mokha.

Chachitatu, ndipo kwa ine ndicho chachikulu, ndi zomwe zimachitika ndalama zikakakamira m'njira. Aliyense wogwiritsa ntchito njirazi adaionapo nkhani iyi: kubanki zatuluka, kufoni sizinafike. Mukaimbira banki akuti funsani a netiweki, mukaimbira a netiweki akuti kwathu sizinafike, funsani banki. Kwa munthu wolemera, K50,000 kukakamira masiku asanu ndi nkhani yoseka. Kwa wophunzira amene amafuna kulipira hositelo, kapena mtsikana wogulitsa kaunjika amene amafuna kukaoda belo m'mawa mwake, ndi tsoka. Banki yabwino si yomwe siilakwitsa, poti yotero kulibe, koma yomwe imayankha foni, imakupatsani nambala ya dandaulo lanu, ndipo imanena tsiku lomwe ndalama zibwerere n'kulisunga. Ngati banki yanu yakuzunzani kangapo pankhani imeneyi, chimenecho chokha ndi chifukwa chokwanira chonyamukira, ngakhale kwinako mitengo ikhale yofanana. Dziwaninso kuti banki ikalephera kukuthandizani, muli ndi ufulu wokatula dandaulo ku Reserve Bank of Malawi, yomwe imayang'anira mabanki onse. Sungani mauthenga onse ngati umboni.

Tsono kusamuka nakonso kuli ndi mtengo wake, ndipo apa mpomwe ambiri amapunthwa. Ngati muli ndi ngongole yomwe banki imadula kumalipiro anu, simungangochoka ngati mukutsika minibasi. Pamafunika kumaliza ngongoleyo kapena kugwirizana bwino ndi bankiyo, ndipo mabwana ambiri amafuna kalata yotsimikiza kuti mulibe ngongole asanasinthe komwe amakuikirani malipiro. Kuthawa ngongole posintha banki n'kudzipusitsa, chifukwa mabanki amagawana mbiri ya okongola kudzera m'mabungwe osunga mbiri ya ngongole. Palinso mbiri yanu yabwino. Akaunti yomwe yakhala ikuyenda zaka zinayi ndi umboni tsiku lomwe mudzafune ngongole ya bizinesi kapena viza. Akaunti yatsopano ndi pepala loyera. Kuonjezera apo, pali onse omwe ali ndi nambala ya akaunti yanu yakale: makasitomala, achibale a ku Joni, kampani ya inshulansi yomwe imadula yokha mwezi ndi mwezi. Mmodzi yekha akaiwalika, mavuto ayamba.

Pali chinthu china chomwe kusintha banki sikungakonze, ndicho chitetezo. Akathyali oimba foni kuti mwawina mphoto, kapena kuti atumiza ndalama molakwitsa muwabwezere, safunsa kuti muli banki iti. Ngakhale kalembera wa ma SIM adachitika mu 2018 ndipo tonse tidaonetsa zitupa za unzika, umbavawu sudathe, ndipo kangapo konse apolisi anenapo kuti ena mwa oimbawo amakhala ali m'ndende. Mukamangirira malipiro anu, ndalama zosunga ndi za bizinesi pa SIM imodzi, dziwani kuti tsiku lomwe foniyo idzasowe mu depoti, moyo wanu wonse udzakhala m'manja mwa munthu wina. Nambala yachinsinsi isakhale chaka chanu chobadwa, isakhale yofanana kubanki ndi kufoni, ndipo musaiuze aliyense, kaya akuti akuimba kuchokera kulikulu, kaya ndi bae. Ndalama zambiri zizikhala m'nkhokwe, m'lichero muzikhala za masiku ochepa.

Ena anena kuti, aaa, mabanki onse ndi amodzimodzi, kulikonse amadula, ndiye kuvutikiranji? Apa ine nditsutsa. Maganizo amenewa ndi omwe mabanki amadyerapo. Ambiri tili ndi banki yomwe sitidasankhe tokha: idabwera pasukulu ndi tebulo ndi mafomu, kapena abwana oyamba adangoti tsegulani uku. Zaka zikupita, tikudandaula m'magulu a WhatsApp, koma osasuntha. Banki yodziwa kuti simungachoke ilibe chifukwa chotsitsira mitengo. Ndipo mawu athu ali ndi mphamvu kuposa momwe timaganizira. Mu 2019 boma lidafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizidwa pafoni, anthu adakana mokweza mpaka ganizolo lidachotsedwa. Ngati boma lidamva, banki ingalephere bwanji kumva makasitomala akayamba kuchoka?

Komanso nkhaniyi ikukulirakulira. Ndalama yapepala ya K5,000 idatuluka mu 2022, koma kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu idakwera moti lendi kapena fizi ya teremu imodzi ndi mpukutu woti sungabisike m'thumba. Kuyenda ndi mpukutu wotero m'tauni n'kudziitanira mbava. Kulipira pafoni tsopano si zachibwana kapena zodzionetsera, ndi njira yomwe tizidutsamo tsiku lililonse, ndiye mtengo wa njirayo uyenera kutikhudza monga momwe mtengo wa minibasi umatikhudzira.

Ndiye asamuke ndani? Ngati mumagulitsa zinthu pa WhatsApp kapena pa Facebook ndipo ndalama zimalowa n'kutuluka kambirimbiri patsiku, kusiyana kwa K200 pa kutumiza kulikonse kumasanduka phindu kapena luzi yeniyeni, choncho werengerani lero lomwe. Ngati mumatumiza ndalama kumudzi pafupipafupi, yang'anani banki yokhala ndi maejenti kufupi ndi kwanuko, kuti amayi asamakwere njinga ulendo wautali kukatapa. Koma ngati mumangolandira malipiro, n'kukankhira kufoni kawiri pamwezi, ndipo muli ndi ngongole yomwe ikudulidwa, phindu losamuka likhoza kukhala lochepa kuposa chipwirikiti chake. Mwina chomwe mukufunika n'kungosintha mtundu wa akaunti m'banki yomweyo, popeza mabanki ambiri ali ndi maakaunti otchipa omwe sawauza munthu amene sanafunse.

Kwa amene mwatsimikiza, malangizo anga ndi akuti musagwetse nyumba yakale musanafolere yatsopano. Palibe lamulo loletsa kukhala ndi maakaunti awiri. Tsegulani yatsopanoyo, ikanimo ndalama pang'ono, muiyese miyezi itatu, makamaka kumapeto kwa mwezi komanso muli kutali ndi tauni. Imbirani dala nambala yawo yothandizira makasitomala muone kuti ayankha pakatha mphindi zingati. Ikakhoza mayeso, samutsani malipiro, dziwitsani onse okutumizirani ndalama, tengani sitetimenti yonse ya akaunti yakale muisunge, kenako mukaitseke mwadongosolo ndi kalata. Osangoisiya, chifukwa akaunti yosiyidwa ikhoza kupitiriza kudulidwa mpaka kudzakudabwitsani patsogolo.

Banki si mtundu wanu, si mpingo wanu, si timu ya mpira yoti muziikonda ngakhale ikuluza. Ndi malo ogulitsa ntchito, ndipo inu ndinu wogula. Ikakuthandizani pamtengo wabwino, khalani. Ikamakudyerani, nyamukani, koma munyamuke sitetimenti ili m'manja, masamu mutawerengera.