PAKHONDE: Foni ya ku Joni ndi mayunitsi a achemwali

Lero ndabwera ndi nkhani ya kwathu kwenikweni. Eni ake andilola kuti ndiilembe, ati kuti ena asagwe m'dzenje lomwe iwo anagwamo.

Achemwali anga aakulu amakhala kufupi ndi Malindi, ndipo ntchito yawo ndi ya usipa. Amagula kwa asodzi m'mamawa, nayanika pa thandala, kenaka n'kutumiza kwa amayi anzawo ogulitsa mu msika wa Limbe. Kwa zaka zambiri kafoni kawo ka mabatani kanali kokwanira. Koma ogula a masiku ano amafuna ayambe aona chithunzi cha usipawo asanatumize ndalama, komanso mwana wawo wachisamba, yemwe ali ku Johannesburg, amafuna kumaona nkhope ya mayi ake. Foni yatsopano ya m'sitolo sakanaikwanitsa, makamaka chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pakuti mafoniwa amachokera kunja. Choncho mnyamatayo anagula foni yogwiritsidwapo kale ntchito ku Joni komweko, napatsira mnzake amene ankabwera kumudzi.

Foni itafika anaikamo simu ya kuno, koma inakana, n'kumangofunsa nambala yotsegulira. Tsiku lotsatira achemwali anakwera galimoto kupita pa boma pa Mangochi, nakapeza mnyamata wina wokonza mafoni ali pa kabenchi ndi kompyuta yake. "Amayi musadandaule, iyi tingoiflasha," anatero mnyamatayo. Pofika masana foni inali ikulira. Mwa ulere anawaikiramonso WhatsApp imene iye anati ndi yoposa ya anthu ena onse, ya mitundu yokongola, yotha kuwerenga ngakhale uthenga umene wotumiza wafufuta. Achemwali anabwerera kunyanja akumwetulira.

Sabata isanathe anandiimbira. "Achimwene, foni imeneyi ili ndi njala yotani? Ndathiramo mayunitsi dzulo madzulo, sindinaimbire munthu, m'mawa uno akuti mulibe kanthu." Ine ndinangoseka n'kuwauza kuti walira mvula walira matope. Koma chimene chinadza pambuyo pake sichinali choseketsa. M'nyengo ya mwera, pamene asodzi amalephera kulowa m'nyanja ndipo usipa umasowa n'kukwera mtengo, achemwali anali ndi madengu angapo owuma bwino. Tsiku lomwe anafuna kutumiza zithunzi ku Limbe anapeza WhatsApp yawo yatsekedwa. Podzatseguka, amayi aja anali atagula kale kwa ena. Choipitsitsa n'chakuti mauthenga onse akale anapita, ndipo m'menemo ndi mmene munali mawu a amene anatenga usipa pa ngongole ndi kuchuluka kwa ndalama zake. Ena mwa iwo anakumbukira okha nabweza. Ena mpaka lero akuti sakukumbukira.

Ndinapita kumudzi ndi mdzukulu wathu wina amene amadziwa za zipangizozi, ndipo tinakhala pakhonde tsiku lathunthu kuifufuza foniyo. Chachikulu chimene ndinaphunzira n'chakuti mawu akuti "kuflasha" kapena "yokonzedwa" amabisa ntchito zosiyanasiyana, zina zabwinobwino, zina zoopsa. Munthu asanagule foni yotere, kapena asanapereke yake kwa wokonza, ayenera kufunsa kuti chimene chasinthidwa n'chiyani. Paja safunsa anadya phula.

Ntchito yoyamba ndi yomasula foni imene inamangidwa ndi kampani. Makampani ena a kunja amagulitsa mafoni motchipa atawamanga kuti azilandira simu yawo yokha. Kumasula foni yotere ndi nambala yake yoyenera sikuononga kanthu, ndipo foni imakhala monga inaliri. Ntchito yachiwiri ndi yosintha ziwalo monga batire, galasi kapena polowetsera chaja. Nayonso ilibe vuto ngati wogulitsa wanena zoona, ngakhale ziwalo zotchipa sizichedwa kutha.

Ntchito yachitatu ndi yochotsa pulogalamu imene foni inabwera nayo ndi kuikamo ina yosachokera kwa amene anaipanga. Foni ikhoza kugwira ntchito ndithu, mwina n'kuoneka ngati yatsopano. Koma nthawi zambiri imasiya kulandira zokonza zimene opanga amatumiza pofuna kutseka mipata ya akuba, ndipo mapulogalamu ena a mabanki amakana kutseguka pa foni yotere. Komanso inu simungadziwe zimene woikayo anabisamo. Mu foni ya achemwali tinapezamo timapulogalamu tingapo timene iwo sankatidziwa, tomangotulutsa zotsatsa malonda usana ndi usiku.

Ntchito yachinayi ndiyo yofunika kuithawa. Kuyambira cha mu 2015 mafoni a Android ali ndi loko amene amafunsa akaunti ya Google ya mwini wake ngati wina wafufuta zonse mokakamiza, ndipo a iPhone anayamba kukhala ndi loko wotere mu 2013. Loko ameneyu anaikidwa kuti foni yobedwa ikhale yopanda phindu. Zoona, alipo anthu amene amaiwala pasiwedi yawo. Koma mlendo akakugulitsani foni nanena kuti "ingofunika kuthyola loko," dzifunseni kuti mwini wake ali kuti. Chimodzimodzi mafoni ogulitsidwa pa ngongole, amene amadzitseka munthu akasiya kulipira: ena amawaflasha n'kuwagulitsa, ndipo foni yotere ikhoza kudzitsekanso ili m'manja mwanu. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu pa malamulo a dziko lino, ndipo ife tikudziwa kuti chinthu chobedwa sichisanduka halali chifukwa choti chadutsa m'manja mwa anthu atatu.

Tsono wofuna kugula foni yakale achite zotani? Asagule mothamanga, pa depoti basi ikunyamuka. Aimbe *#06# pa foniyo, ndipo padzatuluka nambala ya manambala 15 yotchedwa IMEI, yomwe ili ngati chiphaso cha foni. Aiyerekeze ndi imene yalembedwa pa bokosi kapena pa foni penipenipo, ndipo zikasiyana aisiye. Wogulitsa achotse akaunti yake ya Google inu mukuona, afufute zonse, foni iyakenso popanda kufunsa za mwini wakale. Ikanimo simu yanu, yesani ya Airtel ndi ya TNM yomwe, imbani, tumizani uthenga, tsegulani intaneti. Yang'anani ngati kumbuyo kwatupa, pakuti batire lotupa likhoza kuyaka moto, ndipo nyumba zathu zambiri n'zaudzu. Funsaninso msinkhu wa Android yake, poti kuyambira mu Okutobala 2023 WhatsApp inasiya kugwira ntchito pa Android yakale kuposa 5.0, ndipo malire amenewa amasunthidwa zaka zikamapita. Pomaliza lemberanani kakalata kokhala ndi dzina la wogulitsa, tsiku, mtengo ndi IMEI ija, pamaso pa mboni. Wogulitsa wachilungamo sakana zimenezi.

Simu yobwera ndi foni musaigwiritse ntchito. Kuyambira mu 2018 simu iliyonse m'dziko muno iyenera kulembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, monga linalamulira bungwe la MACRA. Simu ikakhala m'dzina la munthu wina, tsiku limene idzatayike kapena kutsekedwa mudzavutika kuibwezeretsa, ndipo ndalama zanu zidzakhala m'dzina la mlendo.

Tibwere ku njala ya mayunitsi ija. Achemwali ankagula bandulo ya WhatsApp yokha, n'kusiya mayunitsi otsala kuti aziimbira. Chimene sankadziwa n'chakuti foni yamakono siigona. Intaneti ikakhala yotsegula, mapulogalamu ena onse amadzikonza okha, natenga zatsopano, natumiza zithunzi kokasunga. Zimenezi bandulo ya WhatsApp siilipira, motero foni inkatapa pa mayunitsi aja, ndipo mtengo wa intaneti ya kunja kwa bandulo umakhala wokwera. Panalibe wakuba aliyense. Unali mpopi wosiyidwa wotsegula usiku wonse.

Mankhwala ake ndi apafupi, ndipo mwana wa sukulu akhoza kukuthandizani. Mu Settings muli malo oonetsa pulogalamu imene yadya intaneti yambiri, ndipo yambani mwaona pamenepo. Yatsani pomwe palembedwa Data Saver, kuti mapulogalamu asamadye mobisa. Mu Play Store sankhani kuti mapulogalamu asamadzikonze okha pa bandulo yanu. Mu WhatsApp, pa Storage and data, letsani zithunzi ndi mavidiyo kulowa okha, pakuti m'magulu a pachibale ndi a kumudzi anthu amatumiza mavidiyo ambirimbiri amene simunawapemphe. Ofuna Facebook atenge Facebook Lite, imene inapangidwira mafoni ofooka ndi intaneti yochepa. Ndipo mukatha zochita zanu, tsekani intaneti monga mutsekera chitseko pogona.

Dziwaninso kulemera kwa zinthu. Uthenga wolemba ndi wopepuka zedi. Uthenga wa mawu nawo sudya zambiri, ndipo ndi wothandiza kwa makolo athu amene kulemba kumawavuta. Chithunzi chimalemerako, koma vidiyo ndiyo chimeza bandulo, kaya ndi yoonera kaya ndi yoimbirana moonana nkhope. GB imodzi ndi ma MB pafupifupi 1,000. Kwa munthu wotumiza mawu ndi zithunzi zochepa imeneyi ndi yambiri, koma mwana woonera mavidiyo a TikTok akhoza kuimaliza tsiku limodzi. Bandulo yaikulu imatchipa mukawerengera MB iliyonse, koma ili ndi tsiku lothera, ndipo kugula ya mwezi pamene mumaigwiritsa ntchito masiku a msika okha n'kutaya ndalama. Werengani kaye masiku amene mumaifunadi, ndipo mukangothira mayunitsi gulani bandulo nthawi yomweyo, intaneti isanatsegulidwe.

Za WhatsApp "yoposa ya anthu onse" ija, mayina ake ndi ambiri, monga GB WhatsApp ndi ena otero. Mapulogalamu amenewa sachokera kwa eni ake a WhatsApp, ndipo eni akewo ananena poyera kuti wowagwiritsa ntchito akhoza kutsekeredwa kwa kanthawi kapena mpaka kalekale. Palibenso amene angakutsimikizireni kuti zithunzi za ana anu ndi nkhani za m'banja mwanu sizikupita kwa munthu wina. Tengani yeniyeni ya mu Play Store, ndipo nambala ya manambala 6 imene imabwera pa uthenga polembetsa musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku ofesi.

Nanga ndalama? Apa ndi pamene mdzukulu uja anatipatsa nzeru imene ndaikonda. Ndalama za Airtel Money kapena TNM Mpamba sizikhala m'foni, zimayendera nambala ya simu ndi nambala yanu yachinsinsi, ndipo kafoni ka mabatani kamatumiza ndi kulandira bwinobwino. Choncho simu ya ndalama tinaibwezera mu kafoni kakale kaja, kamene batire lake limakhala masiku angapo ngakhale magetsi atazima. Mu foni ya ku Joni tinaikamo simu ina ya bandulo yokha, yolembetsedwa m'dzina la achemwali. WhatsApp inakhalabe pa nambala yakale imene ogula amaidziwa, pakuti nambala yolembetsera ija ikhoza kufikira pa kafoni kena inu n'kuikopera. Tsopano ana akabwereka foni yaikulu kuti aonere mpira, mpamba wa usipa sakhala nawo m'manja.

Sindikunena kuti foni yakale ndi yoipa. Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, akulankhulana ndi ana awo a ku Joni pa mafoni otere, ndipo popanda iwo sakanatha. Sindikunyozanso anyamata okonza mafoni, poti ambiri ndi aluso ndiponso okhulupirika, ndipo wachiwiri amene tinapitako ndiye anabwezeretsa pulogalamu yeniyeni ya foniyo, natiuza chilichonse chimene anachita. Koma popereka foni kwa wokonza chotsanimo simu ndi memori khadi, muuzeni ntchito imene mukufuna, ndipo zaulere zimene simunapemphe zikaneni mwaulemu.

Sabata yatha ndinawaimbira achemwali kuwafunsa za njala ya foni ija. "Yakhuta achimwene," anatero. "Bandulo ya sabata ikumafika Lachisanu, ndipo mwana ndimamuona Lamulungu lililonse madzulo." Anandiuzanso kuti agula kope la masamba ambiri, ndipo aliyense wotenga usipa pa ngongole akumulemba m'menemo ndi cholembera, tsiku ndi mtengo womwe. Kopelo amalisunga m'chikwama cha pulasitiki kuopa chinyezi.

Amene muli ndi mafunso kapena zimene munakumana nazo pa nkhani ya mafoniyi, lemberani kalata kwa mkonzi, ndipo tidzayankhana m'kope likudzalo, Insha Allah. Moni kwa ana ndi onse a pakhomo. Wassalam.