Alonda a Nyenyezi Osalandira Malipiro

Pa 2 Disembala 2013, John Seach, munthu wamba wa ku Chatsworth Island m'dziko la Australia, amene amakonda kujambula thambo ndi kamera usiku, anapeza nyenyezi pamalo pamene kale maso sankaonapo kanthu, pafupi ndi Hadar, imodzi mwa nyenyezi ziwiri zowala zimene zimaloza Mtanda wa Kummwera. Nyenyezi yotere akatswiri amaitcha nova, ndipo iyi anaipatsa dzina lakuti V1369 Centauri. Uthenga utamveka, anthu a m'maiko a kummwera, amene masana amagwira ntchito zina, anayamba kudzuka mbandakucha kukayeza kuwala kwake. Ndipo ine ndinena mosaphiphiritsa kuti ntchito ya anthu amenewa, imene ena amaiyesa chibwana cha osowa chochita, ndi sayansi yeniyeni, yoyenera ulemu wathu ndi manja athu.

Tiyambe tamva chimene chimachitika kumwambako. Pali nyenyezi ziwiri zozungulirana moyandikana, ina yaikulu, ina yaing'ono ngati dziko lathuli koma yolemera pafupifupi ngati dzuwa. Yaing'onoyo imayamwa mpweya wa haidrojeni kwa inzake, nuunjikana pamwamba pake kwa zaka zambirimbiri, kufikira tsiku limene kutentha ndi kupanikizika zifika posapiririka, pamenepo mpweya wonsewo uyaka nthawi imodzi, ndipo nyenyezi imene inali yobisika iwala modzidzimutsa, kenaka n'kuyamba kuzilala. Palibe munthu, ngakhale wophunzira chotani, amene angathe kulosera usiku wake.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Matelesikopu akuluakulu a pa mapiri a ku Chile amaona kadera kochepa ka thambo nthawi imodzi, ndipo usiku wake umagawidwa kwa ofufuza kudakali miyezi. Sangakhale chidikirire nyenyezi imodzi kwa masabata, pamene kuwala kwake kukukwera ndi kutsika. Wodikirayo ndi munthu wamba. Iye amatuluka ndi mapu a nyenyezi, kope ndi tochi yophimbidwa ndi kansalu kofiira kuti maso asachite chidima, nakhala mumdima kwa mphindi 20 kufikira maso atazolowera. Ndiye amasankha nyenyezi ziwiri zoyandikana ndi nova, mlendo uja, zimene muyeso wa kuwala kwake ndi wodziwika, ina yowala kuposa iye, ina yochepera, nayang'ana uku ndi uku modekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha, mpaka atatsimikiza pamene mlendoyo waima pakati pa ziwirizo. Akatero amalemba nambala, tsiku ndi nthawi, osati ya kwao koma ya ku Greenwich, imene ife kuno timaitsogolera ndi maola awiri.

Muyesowo uli ndi mwambo wake, woti nambala ikachepa ndiye kuti kuwala kwakula, ndipo diso lopanda chothandizira limalekeza pa 6. Seach anaipeza nyenyezi ija ili pa 5.5, pofika pakati pa mweziwo inali pa 3.3, kutanthauza kuti inawala koposa ka 7, ndipo siinazilale molunjika ayi, koma inkatsika ndi kukweranso kangapo. Kukwera ndi kutsika kumeneko kunadziwika bwino chifukwa cha anthu ambiri otumiza nambala zao ku bungwe la AAVSO, limene lakhala likusonkhanitsa miyeso yotere kuyambira mu 1911. Diso la munthu mmodzi likhoza kuphonya pang'ono, inde, ndipo otsutsa salakwa ponena zimenezi. Komatu mutu umodzi susenza denga, ndipo miyeso ya anthu ambiri ikaikidwa pamodzi zophonyazo zimafafanizana. Ofufuza ogwiritsa ntchito telesikopu ya ku La Silla, m'dziko la Chile, atalengeza mu 2015 kuti apeza lithium, ija imene ili m'mabatire a mafoni athu, m'zimene nova imeneyi inalavula, anali kukolola m'munda umene munthu wamba anayamba kuswa mphanje.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti dziko limazungulira, ndipo kukacha ku Australia nyenyezi imasowa m'maso mwao, pamene ku Chile nthawi yake isanakwane. Pakati pa awiriwa pali ife a mu Afirika, amene tinayenera kulandira ulonda m'maola amenewo. Munthu wamba angathe kuchita zambiri pa ulonda umenewu: Albert Jones wa ku New Zealand anayeza nyenyezi koposa ka 500,000 m'moyo wake, ndi telesikopu yopanga yekha. Ndipo tisanene kuti izi n'za kutsidya kwa nyanja kokha, pakuti nova ya mu Meyi 1925, yotchedwa RR Pictoris, anaipeza ndi munthu wamba wa ku Beaufort West ku South Africa. M'midzi mwathu, kutali ndi magetsi a m'tauni, Mlalang'amba umaoneka mbee m'miyezi yopanda mvula, chuma chimene a m'mizinda ya ku Ulaya amachiyendera maulendo ataliatali.

Chotero ndikupemphani inu aphunzitsi a sayansi m'sukulu za sekondale, makamaka zogonera komweko: mapu a AAVSO amapezeka kwaulere pa intaneti, ndipo kutumiza muyeso sikulira ndalama. Sankhani nyenyezi imodzi yosinthasintha kuwala, muphunzitse ana anu kuiyeza chaka chino, kuti nova yotsatira ikadzaonekera idzawapeze atadziwa kale ntchito.