Makina Ojambula Minofu Abwere, Koma Tiwerenge Masiku a Wodwala

Mu 2017 bungwe la FDA, limene limaona za mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linavomereza koyamba makina a kampani ya Philips amene amajambula kagalasi konse ka mu labotale n'kukaonetsa pa kompyuta, kuti dokotala azitha kutchula matenda a munthu popanda kuweramira pa maikulosikopu. Mu 2021 bungwe lomwelo linalola pulogalamu yotchedwa Paige Prostate, imene imasanthula chithunzi chotere n'kulozera dokotala malo amene ikuwakayikira kuti pali khansa. Kuyambira pamenepo malonda a makinawa akula, ndipo maiko athu ano sawalambalala. Ife tikuti abwere ku Lusaka, ndipo abwere msanga. Koma aliyense amene adzasaine pepala lowagula ayambe wayankha funso limodzi: kodi achepetsa ndi masiku angati nthawi imene wodwala amadikira zotsatira?

Kuti funsoli limveke, titsatire kaye ulendo wa kamnofu kamodzi. Tinene kuti mayi wa ku Lilayi wamva kachotupa m'bere. Alawira m'mamawa, akwera minibasi ya mu Kafue Road mpaka m'tauni, akweranso ina yopita ku chipatala chachikulu cha UTH. Tsiku lake likakwana, dokotala adula kamnofu kakang'ono pa chotupacho n'kukaponya m'botolo la mankhwala a formalin, amene amakaumitsa kuti kasawole. Ku labotale kamnofuko amakachotsa madzi pokadutsitsa m'mankhwala angapo usiku wonse, kenako amakamiza mu phula mpaka kalimbe. Katswiri wa mu labotale amaika kabuloko ka phulako pa makina okhala ndi lumo lakuthwa kwambiri, n'kumasenda timapepala toonda pafupifupi mamilimita 0.004. Kapepalako amakayandamitsa pa madzi ofunda kuti kawongoke, amakawola ndi kagalasi, amakapaka utoto wamitundu iwiri. Utoto woyamba umadetsa mitima ya maselo kuti ioneke yabuluu, wachiwiri umapatsa mnofu wotsalawo mtundu wa pinki. Zonsezi zikatha m'pamene dokotala wa pathology amakhala pansi n'kuyang'ana, n'kulemba kuti ichi ndi chotupa wamba kapena ndi khansa, ndipo ngati ndi khansa, ndi yamtundu wanji.

Pa ulendo wonsewu, makina atsopanowa amalowa pa malo amodzi okha, kumapeto. Amatenga kagalasi kopakidwa kale utoto, amakajambula kachigawo ndi kachigawo, n'kulumikiza tizithunzito kukhala chithunzi chimodzi chachikulu chimene dokotala angachikulitse kapena kuchichepetsa monga achitira munthu ndi mapu a pa foni. Phindu lake ndi lenileni ndipo sitikulichepetsa. Kagalasi kamakhala malo amodzi pa nthawi imodzi, kamasweka, kamasokera m'njira. Chithunzi angachione madokotala atatu nthawi imodzi, wina ali ku Ridgeway, wina ku Ndola, wina kutsidya kwa nyanja.

Anzathu a ku Malawi anaonetsa kale kuti zimenezi si maloto. Mu 2011 chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chinatsegula labotale ya pathology mogwirizana ndi UNC Project-Malawi. Kumeneko anaikako makina ojambula magalasi, ndipo madokotala a ku Lilongwe, monga Dr. George Liomba ndi Dr. Tamiwe Tomoka, anayamba kumakumana sabata ndi sabata pa intaneti ndi anzawo a ku Chapel Hill ku America, onse akuyang'ana chithunzi chimodzi, makamaka cha odwala khansa ya m'mwanabele. Chimene chimatisangalatsa pa ntchito ya ku Lilongwe n'chakuti woyamba kunena maganizo ake amakhala dokotala wa konko, amene akudziwa wodwalayo ndi dera lake. Akunjawo amathandiza pa zovuta. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Komanso Lusaka si mlendo pa nkhani yojambula thupi n'kutumiza chithunzi kwa katswiri. Ambiri aiwala kuti mzinda uno unatsogolera maiko ambiri pa ntchito imeneyi. Mu 2006 Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi bungwe la CIDRZ, unayambitsa ntchito yoyeza khansa ya khomo la chiberekero m'makiliniki a boma a mu Lusaka, motsogozedwa ndi madokotala monga Prof. Groesbeck Parham ndi Dr. Mulindi Mwanahamuntu. Zipangizo zake zinali zosavuta kupeza: viniga, thonje, ndi kamera ya dijito. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo pakapita kamphindi malo amene ayamba kudwala amayera. Akatero amajambula, n'kuonetsa mayiyo chithunzicho pa sikirini kuti adzionere yekha chimene chikunenedwa. Malo oyerawo akakhala aang'ono, amawaumitsa ndi mpweya wozizira tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo atathandizidwa. Namwino akakayikira, amatumiza chithunzi kwa dokotala, ndipo anamwino amakumana kawirikawiri ndi akatswiri kuti aonenso zithunzi zawo ndi kuphunzirapo.

Tikukumbutsa zimenezi chifukwa m'menemo muli phunziro lonse. Kamera ija sinali yapamwamba. Chimene chinapangitsa ntchitoyo kukula mpaka kufika m'zigawo zonse za dziko n'chakuti mayi amapeza yankho asanatuluke pa geti, ndipo yankholo limabwera limodzi ndi chithandizo. Masiku ano akatswiri a ku National Cancer Institute ku America apanga pulogalamu ya nzeru za kompyuta (AI) imene imayang'ana zithunzi zotere payokha, ndipo inayesedwanso pa amayi a kuno ku Zambia. N'zoyenera, pakuti khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imene imagwira anthu ambiri m'dziko lino kuposa ina iliyonse, ndipo bungwe la WHO limati mayi amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chachikulu kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe.

Koma chithunzi cha khomo la chiberekero chimangochenjeza. Mawu omaliza ali pa kagalasi. Madokotala a ku Cancer Diseases Hospital, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007 pafupi ndi UTH, sangayambe kuwotcha chotupa kapena kupereka mankhwala amphamvu a khansa asanaone pepala la ku labotale. Ndipo sangalakwe kutero. Pa khansa ya m'bere pamafunikanso kuyeza kwachiwiri, kuti adziwe ngati chotupacho chimakula ndi mahomoni, chifukwa ngati n'choncho mapiritsi a tamoxifen, amene si okwera mtengo, amathandiza kwambiri. Tsiku lililonse limene pepalalo lachedwa, chotupa sichidikira. Madokotala a pathology m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri mwa ochepawo ali m'mizinda ikuluikulu, kotero tibotolo ta ku Chipata, ku Katete ndi ku Petauke timayenda mtunda wautali tisanafike pa maso a munthu wodziwa kuwerenga.

Apa m'pamene tikufuna kuti akuluakulu achite chidwi, chifukwa ndi pamene ndalama zingatayike mosavuta. Chigayo chimagaya chimene mwathiramo: mukathira chimanga chofumbwa, ufa wake utuluka wofumbwa, chigayocho chikhale chatsopano chotani. Kamnofu kakakhala nthawi yaitali pa tebulo kasanalowe mu formalin, maselo ake amayamba kuwonongeka. Formalin akachepa m'botolo, kunja kumauma koma m'kati mumawola. Malangizo amati mankhwalawo azichuluka kosachepera kakhumi kuposa kamnofuko. Pa khansa ya m'bere, malangizo a akatswiri amati kamnofu kakhale mu formalin maola osachepera 6 koma osapitirira 72, apo ayi kuyeza kwa mahomoni kuja kungapereke yankho lolakwika. Tangoganizani tsono botolo limene lagona sabata zingapo mu kabati ya chipatala cha kumudzi kudikira galimoto. Lumo likabuntha, kapepala ka mnofu kamang'ambika. Utoto ukatha mphamvu, zonse zimaoneka mbuu. Dzina likafufutika pa botolo, yankho labwino limapita kwa munthu wolakwika. Palibe makina ojambula amene angakonze chimodzi mwa zimenezi. Adzangojambula cholakwikacho mooneka bwino kwambiri.

Choncho bajeti ya makina iyambire pansi. Muikidwe formalin wokwanira m'kiliniki iliyonse imene imadula minofu, kuyambira ku Chilenje ndi ku Chawama mpaka ku Lundazi. Mukhale galimoto kapena njinga yamoto ya tsiku lodziwika yonyamula tibotolo. Alembedwe ntchito anyamata ndi atsikana amene akumaliza maphunziro a mu labotale ku Evelyn Hone College ndi m'masukulu ena, chifukwa dzanja lodziwa kusenda mnofu bwino ndi limene limasowa msanga. Ndipo University of Zambia ipatsidwe mphamvu yophunzitsa madokotala a pathology ochulukirapo, ndi malipiro oti akamaliza asaganize zochoka.

Nkhani ya magetsi sitingailumphe. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, anthu a ku Kabwata, ku Chelstone, ngakhale a ku Kabulonga, amaona magetsi maola ochepa okha pa tsiku. Chithunzi cha kagalasi kamodzi nthawi zambiri chimaposa gigabyte imodzi, ndipo wodwala mmodzi angakhale ndi magalasi ambiri. Pafunika mosungira mwakemwake, intaneti yosadukaduka, ndi ma sola kapena jenereta wa labotale yeniyeniyo. Pafunikanso pangano la okonza makina lolembedwa tsiku logula lomwelo, la zaka zingapo, ndi amisiri a kuno ophunzitsidwa kuwasamala. Tinaona zaka zaposachedwapa mmene odwala anavutikira makina owotchera khansa atakalamba n'kuleka kugwira ntchito, mpaka boma linayamba kutumiza ena ku Tanzania. Makina a mphatso amene sabwera ndi wowakonza amathera pakona, atafunditsidwa nsalu.

Za AI, maganizo athu ndi awa. Pulogalamu yotere imaphunzira poona zithunzi zikwizikwi zimene madokotala analembapo kale mayankho, ndipo zambiri mwa zithunzizo zinachokera m'zipatala za ku Ulaya ndi ku America. Magalasi athu amanyamula zina. Kuno kuli khansa ya Kaposi, kuli TB ya m'mwanabele imene imatupitsa khosi mofanana ndi khansa, kuli mazira a likodzo m'chikhodzodzo, kuli matenda obwera ndi HIV amene dokotala wa ku London angathe zaka asanawaone. Ngakhale kusiyana kwa utoto pakati pa labotale ina ndi inzake kumatha kusokoneza pulogalamu. Ndiye iliyonse iyesedwe kaye pa magalasi a m'zipatala za UTH, Levy Mwanawasa ndi Ndola, mayankho ake afananizidwe ndi a madokotala athu, ndipo zotsatira zake zilengezedwe poyera. Njira imeneyi tikuidziwa kale: ofufuza a ZAMBART anayesa kuno ku Lusaka pulogalamu ya CAD4TB yowerenga zithunzi za X-ray ya pachifuwa zaka zingapo WHO isanavomereze mapulogalamu otere mu 2021. Pulogalamu ikapambana mayesowo, igwire ntchito yosankhula, kuika patsogolo magalasi oopsa kuti dokotala ayambire pamenepo, kuwerenga maselo amene amatopetsa maso. Koma pansi pa pepala pakhale dzina la dokotala wolembetsedwa ku Health Professions Council of Zambia, amene wodwala ndi abale ake angamufunse maso ndi maso.

Palinso funso la mwini zithunzi. Kamnofu kaja ndi thupi la munthu, ndipo chithunzi chake ndi chuma kwa makampani amene akuphunzitsa makina awo. Lamulo la National Health Research Act la 2013 limateteza zinthu za m'thupi la munthu zimene zikutumizidwa kunja pa kafukufuku, ndipo Data Protection Act ya 2021 imateteza zinsinsi za munthu. Malamulowa agwire ntchito pa pangano lililonse. Zithunzi zisungidwe m'dziko muno, zotuluka kunja zichotsedwe maina, ndipo kampani imene yaphunzitsa pulogalamu yake ndi minofu ya a Zambia isadzabwerenso kudzatigulitsa pulogalamuyo pa mtengo umene sitingaukwanitse.

Chotsala ndi ulendo wobwerera, umene kawirikawiri suganiziridwa. Pepala likalembedwa, ntchito sinathe. Munthu amene auzidwa kuti "mubwerenso mwezi wamawa" amalipira minibasi ziwiri popita, ziwiri pobwera, wasiya msika kapena ntchito ya tsikulo, ndipo akapeza kuti zotsatira sizinatuluke kawiri katatu, ena amagwa ulesi, ena amapita kwa asing'anga, n'kudzabweranso chotupa chitaphulika. Boma lili ndi SmartCare, njira yosungira mbiri ya odwala pa kompyuta, ndipo makomo ambiri ali ndi foni. Yankho likasainidwa lifike tsiku lomwelo kwa dokotala kapena namwino amene anatumiza botolo, ndipo pakhale munthu amene ntchito yake ndi kuimbira wodwala kuti abwere, kumuuza tsiku ndi khomo loti alowere. Khansa siuzidwa pa meseji, koma kuitana munthu kuti adzamve kungachitike pa foni.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti uyambe tsopano, makina asanagulidwe, kulemba masiku amene amadutsa kuchokera pamene kamnofu kadulidwa kufika pamene wodwala wauzidwa yankho, chipatala ndi chipatala, chigawo ndi chigawo, ndi kumalengeza chiwerengerocho miyezi itatu iliyonse. Aphungu a Nyumba ya Malamulo azichifunsa pokambirana bajeti ya zaumoyo, ndipo NHIMA, inshuwaransi ya boma ya zaumoyo imene imadula ndalama pa malipiro a anthu mwezi ndi mwezi, izichiyang'ana polipira ma labotale a boma ndi omwe si a boma. Nyuzipepala ino idzachisindikiza nthawi iliyonse chikatuluka.