Galu naye akhale ndi malo ake odzithandizira

Alimi anzanga, zaka zapitazi tinagwira ntchito yaikulu yokumba zimbudzi. Ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu mpaka ku Nambuma, mafumu ndi alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kutiuza kuti kuthengo kwatha. Koma pali mmodzi wa pakhomo amene tinamuiwala, ndiye galu. Iye akudzithandizabe paliponse: kuseri kwa nkhokwe, m'mbali mwa khola la mbuzi, ngakhale pabwalo pamene timayanika mtedza ndi pamene mwana amakwawa. Ine ndikuti galu naye aphunzitsidwe malo ake amodzi, ndipo mwini galu azichotsapo chimbudzicho tsiku ndi tsiku.

Ku America ndi ku Britain, anthu ambiri amakhala ndi agalu m'nyumba zosanjikizana zopanda bwalo. Iwo amagula timphasa toyamwa mkodzo, topangidwa ngati thewera la mwana la kusitolo, n'kuyala pakona kuti kagalu kazolowere pomwepo. Ife timphasa timeneti sitikutifuna. Galu wathu sagona m'nyumba, ndipo ndalama imeneyo bola ipite ku feteleza. Chimene tingatolepo ndi nzeru yake: galu amabwerera pamene pali fungo lake, ndipo akazolowera malo ali wamng'ono sawasiya msanga.

Mwina mukuti, kuvutikiranji ndi galu? Yankho lili m'khola mwanu. Munaonapo mbuzi ikungozungulira malo amodzi, mutu utapendekeka, kenaka n'kusiya kudya mpaka kufa? Nthawi zambiri poswa mutu wake mumapezeka kathumba ka madzi mu ubongo. Kathumbako kamachokera ku njoka zam'mimba za galu. Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi cha galu, amamatirira pa msipu, mbuzi n'kuwadya. Mbuziyo ikafa, ife timaponyera galu mutuwo uli wosaphika, iye n'kutenganso njoka zatsopano. Matendawa amangozungulira pakhomo pathu pomwe, ndipo owathandiza ndife. Timathumba ta madzi timene ogulitsa kanyenya amapeza pa chiwindi, m'mapapo ndi pa mafuta a m'mimba mwa mbuzi, n'kuponyera agalu a pamsika, timayenda njira yomweyi. Mbuzi imodzi yofa chotere ndi fizi ya mwana yomwe yapita.

Ana nawo ali pachiopsezo. Tiagalu tambiri timabadwa kale ndi njoka zam'mimba zochokera kwa make. Mazira a njoka zimenezi amakhwima m'dothi pakapita masabata awiri kapena anayi, ndipo amatha kukhala amoyo miyezi yambiri. Mwana wosewera pa dothilo n'kuika dzanja mkamwa amawameza, ndipo tizilombo take timatha kufika ku chiwindi ngakhale m'diso. Mukamawola tsiku ndi tsiku, mazirawo sapeza mpata wokhwimira pabwalo panu.

Kaphunzitsidwe kake sikafuna ndalama. Sankhani malo kumapeto kwa bwalo, kutali ndi chitsime, khitchini, thandala ndi khola, komanso posadutsa madzi a mvula opita kudimba. Thiranipo mchenga kapena utuchi. Poyamba siyanipo pang'ono chimbudzi cha kagaluko kuti kamve fungo lake. Kagalu kamafuna kudzithandiza kakangodzuka, kakangotha kudya, ndiponso kakatha kusewera. Nthawi zimenezi katengeni pa chingwe, pitani nako pamalopo, imani mudikire. Kakachita pomwepo, kayamikireni nthawi yomweyo ndi mawu okoma ndi kambamu ka nsima. Mukaona kakununkhiza pansi uku kakuzungulira, dziwani kuti nthawi yakwana.

Kakaphonya malo, musakamenye kapena kukakhudzitsa mphuno pa chimbudzicho monga ena amachitira. Chimene kamaphunzira pamenepo ndi kukuopani, ndiye kamakabisala kuseri kwa nkhokwe kumene simukuona. Ingowolani, mukokolole dothi la pamwamba ndi kuthirapo phulusa kuti fungo lithe. Muzikapatsanso chakudya pa nthawi yake, m'mawa ndi madzulo, chifukwa galu wodya mwa apo ndi apo amadzithandizanso mwa apo ndi apo. M'mera mpoyamba: yambani kagalu kali ndi miyezi iwiri. Wamkulu naye amaphunzira, kungoti amafuna kuleza mtima.

Chimbudzicho wolani ndi fosholo kapena khasu lakutha losungira ntchito yokhayi, mutaye m'chimbudzi chokumba kapena mukwirire mwakuya, kenaka sambani m'manja ndi sopo. Musachiike pa mulu wa manyowa kapena posakaniza manyowa a Mbeya. Ndowe za ng'ombe ndi zitosi za mbuzi ndi chuma cha m'munda, koma za galu ayi.

Ena anena kuti galu ndi mlonda, usiku amayendayenda, ndiye simungamulondole. Nzoona, sizonse mudzawola. Nchifukwa chake malowo ayendere limodzi ndi zinthu ziwiri. Choyamba, mutu, mapapo ndi chiwindi cha chiweto chodwala zisapite kwa galu zosaphika. Ziphikeni mpaka zipse, kapena zikwirireni mozama. Chachiwiri, galu amwe mankhwala a njoka zam'mimba miyezi itatu iliyonse. Pogula funsani okhala ndi praziquantel, chifukwa ndi amene amapha njoka zobweretsa timathumba tija. Mlangizi wa ziweto wa ku EPA yanu akuuzani muyezo wake malinga ndi kulemera kwa galu. Pomwepo funsaninso za katemera wa chiwewe, amene galu amayenera kubayidwa akakwana miyezi itatu, kenaka chaka chilichonse.

Nanga agalu a anansi? Pamenepa mpamene mfumu ilowererepo. Midzi yathu ili kale ndi malamulo omangirira mbuzi nthawi ya dzinja, ndipo wophwanya amalipira. Pa msonkhano ukubwerawu, dzutsani nkhani ya agalu: tsiku limodzi lomwetsa mankhwala mudzi wonse, ndi dzenje lotayamo ziwalo zoonongeka paliponse pophera mbuzi. Koma musadikire msonkhanowo kuti muthire mchenga pakona ya bwalo lanu.