Mwana akati wakhuta, mumvereni

Loweruka lapitali ndinali pa chinkhoswe m'mudzi wina wa kwa Mlolo. Nthawi ya chakudya, kamnyamata ka zaka ngati zinayi kanakankha mbale n'kunena kuti, "Amama, ndakhuta." Mayi ake anakayang'ana ndi diso lofiira. "Iwe, maliza nsimayo! Ukamaliza ndikugulira switi." Kanamaliza misozi ikulengeza m'maso, switi kanalandiradi, ndipo amayi amene anali pafupi anayamikira kuti mwanayu ngwabwino, savuta kudya.

Ine zinandiwawa. Pa kanthawi kochepako mwana uja anaphunzira kuti mimba yake ikamuuza kuti basi asamaimvere, ndiponso kuti wodya mopyola muyezo amalipidwa ndi zotsekemera. M'mera mpoyamba, anatero akuluakulu. Chimene mwana wazolowera pa mphasa ya mayi ake ndi chimene adzachite akadzakhala ndi ndalama zake m'thumba.

Mayiwo sindikuwanyoza, chifukwa tonse kuno ku Chadiza tinaleredwa chonchi, ndipo chifukwa chake tikuchidziwa. Amene tinalipo mu 1992 tikukumbukira chilala chija ndi chimanga chachikasu chothandizira anthu. Mu February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse. Munthu amene anaonapo nkhokwe ilibe ndi chitsononkho chomwe sangapirire kuona mtanda wa nsima ukutsala m'mbale. Koma nsima yotsala inayamba liti kutayidwa? Makolo athu ankaivundikira bwinobwino, m'mawa n'kukhala mkute wa ana opita kusukulu kapena kubusa. Palibe chimene chinkaonongeka, ndipo palibe mwana amene ankafunika kuphulika mimba.

Chimene ndimadandaula nacho kwambiri ndi mbale imodzi ija. Ana asanu kapena asanu ndi mmodzi kuzungulira nsima imodzi ndi kambale ka ndiwo. Akuluakulu ankati zimaphunzitsa kugawana, koma inu amene munadyerapo mukudziwa zimene zinkachitika. Wochedwa ankagona ndi njala. Tinaphunzira kutema mbamu zikuluzikulu, kumeza osatafuna, maso ali pa dzanja la mnzako. Ana amenewo lero ndi aphunzitsi, amalonda, ogwira ntchito m'maofesi pa Boma, ku Chipata, ku Lusaka. Palibenso wowalanda, koma taonani mmene amadyera: liwiro lomwe lija, mitanda itatu kapena inayi, kenaka n'kukhala pampando mpaka madzulo. Khasu analisiya kalekale, njinga yakapalasa inalowedwa m'malo ndi yamoto. Uthenga woti munthu wakhuta umatenga nthawi kuti ufike kumutu, ndiye wodya mothamanga amazindikira atapyola kale. Mimba ikatuluka timamuyamikira kuti zinthu zikumuyendera.

M'thupimo zimayenda chonchi. Nsima ikagayika imasanduka shuga m'magazi, ndipo kapamba amatulutsa insulin kuti shugayo alowe m'minofu n'kukhala mphamvu. Mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, thupi limayamba kusamvera insulin. Kapamba amalimbikira zaka ndi zaka mpaka kufooka, shuga n'kumangosefukira m'magazi. Awa ndiwo matenda a shuga amene amagwira anthu ambiri akakula. Zakumtundu zimathandizirapo, ndipo pali mtundu wina umene umagwira ana popanda kulakwa kwa kadyedwe, choncho tisamaloze chala wodwala aliyense. Koma mbali ya kadyedwe ili m'manja mwathu.

Pali china choopsa kwa ife makamaka. Ku Holland kunagwa njala yaikulu m'nyengo yozizira ya 1944 mpaka 1945, nthawi ya nkhondo. Akatswiri atatsatira ana amene anali m'mimba nthawi imeneyo anapeza kuti atakula, matupi awo ankavutika kwambiri kutsitsa shuga m'magazi kuyerekeza ndi anzawo. Thupi loumbidwa pa njala limazolowera kusunga, ndiye likakumana ndi zochuluka limalephera kupirira. Kuno ku Zambia, kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Ana amenewa ndi amene mawa adzapeze mabanzi, zitumbuwa ndi zoziziritsa kukhosi pa golosale iliyonse. Ndiye wina asandimve ngati ndikuti mwana azimanidwa chakudya. Mwana adye kangapo pa tsiku, m'mbale yakeyake, modekha, koma chakudya chake chikhale chomanga thupi.

Apa ndiye mpamene pakubwera nkhani ya mgaiwa. Timatenga chimanga chabwinobwino n'kukonola, kuviika, kuyanika, kugayitsa, mpaka ufa uyere mbuu, gaga n'kupatsa nkhumba. Nkhumbazo zimadya mbali yabwino ya chimanga, ife n'kutsala ndi yoyerayo imene sikhalitsa m'mimba. Mwana amakula akumva kuti mgaiwa ndi wa amphawi ndi wa kusukulu yogonera konko. Amamvanso kuti ndiwo n'zongopititsira nsima, "usathe ndiwo, iwe!", pamene chiwawa chotendera, kholowa, bonongwe ndi nyemba ndizo zoyenera kudzaza mbale. Nsinjiro kuno kum'mawa sitisowa, timalima tokha.

Nanga tiyi? Ndaonapo agogo akuthira masupuni anayi m'kapu ya mdzukulu chifukwa chomukonda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asapyole masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 a shuga wothira pa tsiku, ndipo kuchepetsa kufika pa 6 n'kwabwino koposa. Botolo limodzi la theka la lita la zoziziritsa kukhosi limatha kufika pa 12 lokha. Mwana ndiye amafunika wochepa kuposa pamenepo.

Kwa ife amene tinakulira pa mbale imodzi ija nthawi yosintha chiyambi inapita, koma yodziteteza ilipo. Ngati mukumva ludzu losatha, mukudzuka kangapo usiku kukataya madzi, maso akuchita chifunga kapena chilonda cha kuphazi chikukana kupola, musayambe ndi kuganizira achibale kuti akulodzani. Pitani kuchipatala mukapemphe kuti akuyezeni shuga. Amangobaya pang'ono pa chala n'kutengapo kadontho ka magazi.