Namwino sagona pamaliro a odwala ake

Mu Juni ndi Julayi 2021, ife a ku Bauleni sitinkafunikira wailesi kuti tidziwe kuti Covid-19 yafika poipa. Ukaima pamsewu wa Leopards Hill unkaona magalimoto a maliro akutsatizana kupita kumanda. Ku zipatala za UTH ndi Levy Mwanawasa mabedi anadzaza, okosijeni ankaperewera. Omwalira tinkawawerenga tsiku ndi tsiku, koma palibe ankafunsa za anthu amene ankawatseka maso kenako n'kukwera minibasi kubwerera kukomboni kuno.

Pafupi ndi kwathu pamakhala namwino wina. Masiku amenewo akaweruka ankazungulira kuseri kwa nyumba, kuvula yunifomu, kuiviika m'beseni la madzi a klorini, n'kusamba asanakhudze mwana aliyense. Mwana wake wamng'ono akamuthamangira, iye ankakuwa, "Ima pomwepo!" Kumpopi amayi anzake ankamutalikira. Patapita nthawi anandiuza kuti chimene chimamusowetsa tulo mpaka lero ndi foni ya wodwala amene wangotsirizika kumene: ikulira pambali pa bedi, dzina la mkazi wake likuwala, ndipo woyenera kuyankha ndi iyeyo.

Ifetu chisoni timadziwa kuchinyamula pamodzi. Pakagwa zovuta timagona pamaliro, azimayi m'nyumba, azibambo panja pamoto, kwaya ikuimba mpaka mbandakucha. Namwino amene wataya odwala angapo usiku umodzi alibe siwa yoti akalireko. Amachotsa nsalu pabedi, kuyala ina, chifukwa wina akudikira pakhonde. Akagwetsa misozi amamuuza kuti alimbe mtima, ntchito anaisankha yekha. Akauma nkhope, ife timati anamwino a masiku ano ndi amwano. Amwano alipo ndithu, koma ndikukhulupirira kuti ambiri mwa iwo ndi anthu otopa mumtima amene sanapatsidwe mpata wopuma.

Mpatawo sunabwere. Kolera inabuka mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januwale 2024 bwalo la National Heroes Stadium linali litasanduka chipatala. Ena mwa amene anakagwira ntchito kumeneko ndi omwe aja anapyola m'mliri wa Covid-19.

Boma linachita bwino kulemba ntchito azaumoyo oposa 11,000 mu 2022, pakuti manja akachuluka munthu amapeza tsiku logona. Tilinso ndi lamulo la thanzi la maganizo la 2019. Komabe namwino wa kuno sangapite ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama kukanena kuti tulo sakupeza. Amaopa kuti anzake akamva adzati mutu sukuyenda bwino, ndipo odwala sadzafunanso kubayidwa jakisoni ndi iye. Ena amathawira kumowa, ena amangosiya ntchito.

N'chifukwa chake thandizo liyenera kumupeza kuntchito komweko. Pakiliniki ya Bauleni, ku Chilenje, Chawama, Kanyama ndi Matero pakhale mlangizi wa ogwira ntchito okhaokha, amene si bwana wawo, ndipo zokambidwa m'chipinda chake zizithera momwemo. Asaiwalike okolopa m'mawodi, oyendetsa ambulansi ndi a kumotchale, amene ananyamula mitembo yambiri kuposa dokotala aliyense. Unduna wa Zaumoyo ukamakonzekera mliri wina, ndalama za alangiziwa zilembedwe pamodzi ndi za magolovesi ndi klorini.